Mawa Usagwade, Lusungu

Lusungu mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, iwe uli kumsika kolukitsa tsitsi, adada ako apita kukaona za minibasi ya mawa. Chikwama chako chili pakhomo chotseka kale, nsapato zosewelela wazimanga pamwamba ngati kuti ndizo zikupita ku koleji, iwe ukungozipelekeza. Ndati ndilembe, pakuti ndikayamba kulankhula nawe pakamwa umangoseka n'kumati, "Amama naimwe," ine mtima n'kuthamanga, mawu n'kukwela, nkhani n'kufela pomwepo. Tonse awili ndife a pakamwa potentha, usakane. Uiwelenge lelo lomwe kalatayi ukangobwela. Usaisunge kuti ukaiwelengele m'basi, chifukwa nkhani yake iyambila pakhomo pano mawa m'mawa.

Bondo lako lamanzele likuwawa. Ndikudziwa, ndipo usavutike kukonza bodza.

Ndinalionela pa Sondo paja ankhazi ako, alongo awo a adada ako, anabwela kuchokela ku Magodi. Utaitanidwa kuti ubweletse madzi osamba m'manja, unafika ndi beseni n'kupinda bondo lamanja lokha, mwendo winawo utautambalitsa chammbali, dzanja litagwila mwendo wa tebulo. Pansi sunafike. Ankhazi ako anakuyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukila kwa mlongo wawo. "Mwana uyu walije ntchindi," anatelo m'Chitumbuka, kenaka n'kubweleza m'Chinyanja kuti ine ndimve bwino, ngati kuti zaka zonsezi sindinaphunzile kanthu: "Alibe ulemu. Mpila uja wamudya mutu. Akakafika ku Lusaka azidzatipatsa madzi ali chiimile." Iwe unangoseka n'kutuluka. Iwo anaona mwano. Ine ndinaona mano ataluma mlomo, ndi thukuta pamphuno m'nyengo yozizila ngati ino.

Kuyambila tsiku limenelo ndakhala ndikukuyang'ana. Iwe amene unkakwela chitunda cha kusukulu utaimilila panjinga, masiku ano umatsika n'kumakankha, ati tcheni chikuvuta. Bandeji umaichapa mobisa n'kuiyanika kuseli kwa chitseko, pamene chingwe chili panja padzuwa. Ndakumbukanso pamene zinayambila. Ndi pa masewelo a mpila wa basiketi a ku Chipata aja, anthu a ku koleji atabwela kudzaona osewela. Unadumpha kulanda mpila pansi pa ling'i, potela phazi linapita kwina, bondo kwina. Unadzuka msanga kwambili, uku ukumwetulila kumene anakhala alendowo, anthu n'kuomba m'manja. Ine ndinali pakhoma paja. Ndinadzitonthoza kuti wangobinya chabe.

Chimene ukuopa ndikuchidziwanso. Anakuuza kuti sabata yoyamba kuli mayeso a timu, ndipo basale yako, ndalama zokulipilila koleji zija, yamangililidwa pa jezi. Ukuganiza kuti ukanena za bondo, malo ako awapatsa mtsikana wina, iwe n'kubwelela kuno ku Lundazi ndi chikwama chomwecho, anthu a kumsika n'kumafunsana kuti, "Nanga wa ku Lusaka uja wabwelanso liti?" Ndiye wakonza pulani yako: kulimanga zolimba, kumeza mapilitsi opha ululu, kudutsa mayeso, zina ukazionela kutsogolo. Pulani imeneyo ndi yanga, mwana wanga, ndinaipanga iwe usanabadwe. Umadziwa kuti amako anasewelako basiketi, zithunzi unaziona, ndipo ukandifunsa za mwendo wanga ndimangoti ndinagwa m'bwalo. Lelo umve mmene ndinagwela.

Ine basiketi sindinaifunefune, inandipeza yokha chifukwa cha msinkhu. Ku sekondale ankanditcha Mlongoti, ndipo ndinkayenda chowelama kuti ndifanane ndi anzanga. Nditafika ku koleji ya uphunzitsi, kochi wa timu ya atsikana, bambo Sakala, kamunthu kakafupi koma mawu ngati galimoto ya fodya, anandipeza pamzele wa chakudya. "Iwe, ukuwelamilanji? Wataya chiyani pansipo?" Ndinati sindinataye kanthu. "Ndiye imilila bwino. Madzulo ndikupeze kubwalo." Tsiku limenelo anandipatsa mpila, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva munthu akudandaula kuti manja anga sindikuwakweza mokwanila. Ha! Ndinabwelela ku hositelo msana uli chilili, ndipo sindinawelamenso. Iwenso ukafika kumeneko uziyenda mmene Mulungu anakupangila. Wofuna kulankhula nawe akweze khosi.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuukonda mpila ngati ndinaugula ndekha. Ndinali ndi mnzanga dzina lake Mwansa, wa ku Kopala, wamfupi koma wothamanga, amene tinkagona chipinda chimodzi. Tsiku lina masewelo ali pafupi kutha, tikutsalila pang'ono chabe, mpila unali m'manja mwanga, adani atandizinga mbali zonse. Mwansa anali yekhayekha pansi pa ling'i, akukuwa kuti, "Kuno! Kuno iwe Mlongoti!" Ndinamumva, ndinamuona, koma ndinafuna kuti anthu akatchule dzina langa. Ndinaponya ndekha. Mpila unamenya bolodi n'kubwelela, wezulo n'kulila, ife n'kugonja. Masewelo otsatila bambo Sakala anandikhazika pabenchi kuyambila poyamba mpaka pomaliza, ndipo atatha anakhala pambali panga n'kunena kuti, "Ukaona mnzako ali poyela, um'patse. Ukatopa, unene. Ukapweteka, unene. Ine maso ndili nawo awili chabe, inu ndinu ambili." Mawu oyambawo ndinawagwila, ndipo ndinadzakhala wopatsila mpila wabwino, funsa aliyense amene anandiona. Otsalawo analowa khutu ili n'kutulukila linali. Iwe uwagwile onse, makamaka omalizawo.

Kulakwa kwachiwili kunali mabuku. Chaka chachiwili tinkayenda kwambili, ndipo ine ndinkaganiza kuti aphunzitsi amene amandiombela m'manja kubwalo adzandiombelanso m'kalasi. Awe! Masamu anandigwetsa chagada, ndipo tchuthi chonse anzanga ali kwawo ine ndinali ku koleji kubweleza mayeso, ndikudya nyemba za tsiku ndi tsiku. Taona lelo chimene chakulela iwe, ndi choko, si mpila. Kuno kwathu basiketi imadyetsa anthu owelengeka. Sewela ndi mtima wako wonse, koma buku lizikhala m'chikwama chomwecho muli nsapato. Izi ndangodutsamo chabe, ndikudziwa kuti mutu uli nawo. Nkhani yanga ndi bondo.

Chinali chaka changa chomaliza, pa masewelo a makoleji. Kunabwela anthu osankha timu ya chigawo, monga mmene anabwelela ako aja. Ndinadumpha kulanda mpila, potela ndinaponda phazi la mnzanga wa timu ina, ndipo m'bondo munamveka kaphokoso ngati phesi louma la chimanga likamathyoka. Ndinamva ndekha, palibe wina anamva. Bambo Sakala anathamanga kufika pamzele. "Uli bwino?" Ndinayang'ana kumene anakhala osankha aja, n'kuyankha kuti, "Ndili bwino, Kochi." Pa nthawi yopuma ndinakokela Mwansa kuseli kwa zimbudzi. Iye ataona bondo anati, "Mayo ine! Tiye tikawauze." Ndinam'gwila dzanja n'kumulumbilitsa kuti asanene. Anang'amba chitenge chake chatsopano, akulila, n'kundimanga nacho. Ndinabwelela m'bwalo, tinapambana, anzanga anandinyamula pamapewa, dzina langa linatchulidwa pakati pa osankhidwa. Sindikunamiza, tsiku limenelo ndinasangalala kuposa tsiku la ukwati wanga. Adada ako asaone pamenepa.

M'mawa mwake bondo linali ngati dzungu. Chipatala chinali pafupi, koma ndinati ndikapita kumeneko nkhani ifika kwa Kochi. Ndiye ndinkalithowa ndi madzi otentha, chitseko chili chotseka. Litakana kuphwa, ndinapita kwa mayi wina kuseli kwa msika amene ananditema mphini kuzungulila bondo lonse n'kupakamo mankhwala akuda. Zipsela zija unkaziwelenga ndi chala uli mwana, ndi zimenezo. Ndinagula masokosi aatali ndi chovala cha pabondo kuti zisaoneke. Patapita masabata kutupa kunachepa, ululu n'kuzilala, ine n'kumati ndachila, mayi uja ndi katswili. Bondo ndi lachinyengo, Lusungu. Limakhala chete pamene m'kati zinthu zikuonongeka. Lako likayamba kukunyengelela motelo, usalikhulupilile, ukawauze.

Nditamaliza koleji ananditumiza kukaphunzitsa m'tauni ya Chipata momwemo, ndipo ndinalowa timu ya azimayi ogwila ntchito. Munali manesi, makalaliki, wapolisi mmodzi amene ankatiopseza kuti atimanga tikachedwa, ndi ife aphunzitsi. Tikaweluka tinkakumana pabwalo la simenti yong'aluka, n'kuyamba talisesa ndi nthambi. Manambala a pajezi tinkasoka tokha, ena opendekeka. Pa Chiwelu tinkakwela lole kupita ku Katete kapena ku Petauke, tikuimba njila yonse, fumbi lili m'mano. Malipilo ake anali botolo la chakumwa ndi banzi, nthawi zina banzi lokha. Koma iwe, zaka zimenezo! Sindinakhalenso ndi anzanga ngati amenewo. Ndikamagona tulo tabwino, mpaka lelo ndimalota ndili pa lole ija. Ndikufuna kuti iwenso udzakhale nazo zaka zotelo, zambili kuposa zanga, udzasewele mpaka ana ako adzakuletse okha chifukwa cha manyazi.

Bondo lija nthawi zina linkatelezuka, ngati mwendo wachoka pamalo pake n'kubwelelanso. Ndinaphunzila kulibisa. Ndinkatela ndi mwendo umodzi, ndinkatembenukila mbali imodzi, ndikagwa ndinkanamizila simenti. Tsiku lina pa Chiwelu, popanda munthu wondikhudza, ndinangotembenuka kuti ndipatsile mnzanga mpila, mwendo n'kupinda pamene suyenela kupinda. Ulendo uno panalibe zodzuka ndikumwetulila. Anzanga manesi aja anandinyamula. Adokotala atajambula ndi kupindapinda mwendowo anandifunsa kuti, "Mayi, bondoli linavulala liti?" Ndinati lelo. Anavula magalasi. "Ine ndikufunsa koyamba." Anandiuza kuti mtsempha wogwila bondo unaduka kalekale, ndipo nthawi yonseyo mafupa akhala akupekesana mpaka kudyana. Anati ndikadabwela nthawi ija akadandipumitsa, mwina kundichita opaleshoni, n'kudzabwelelanso m'bwalo. Tsopano chimene akanatha ndi kundithandiza kuyenda basi. Ndinalila ngati pamalilo. Ndinaopa kutaya chaka chimodzi cha masewelo, ndipo ndinataya zaka zonse zotsala.

Ukuganiza kuti pamenepo ndinachenjela? Mvela zinazi. Atandisamutsila kuno ku Lundazi ndinakumana ndi adada ako, ndipo iwo za bondo ndinawauza tisanakwatilane. Koma popita ku Magodi kukaonekela kwa apongozi, ndinawapempha kuti asanene kanthu. Ndinkachita manyazi kuti anthu akamve zoti mkamwana wawo, mkazi wa mwana wawo, anathyoka mwendo akudumphadumpha ndi kabudula pamaso pa amuna. Ukudziwa mmene kulili kumudzi kwanu, mkamwana amagwada popeleka moni, amagwada popeleka madzi, amagwada pochotsa mbale, amagwada ngakhale pofunsa kumene kuli tsache. M'mawa woyamba ndinanyamula beseni la madzi ofunda kupita kwa asekulu ako, atate awo a adada ako, amene anali atakhala pafupi ndi khola. Ndinati ndiyesetse kamodzi kokha. Nditangoyamba kutsika, bondo linandikana. Beseni uko, ine uko, madzi onse pamapazi pa asekulu ako, nkhuku zili balala. Ndinadzuka n'kunena kuti ndapunthwa pamwala. Pabwalo limenelo, mwana wanga, palibe mwala ngakhale umodzi.

Kuchokela pamenepo ndinkangowelama pang'ono n'kuomba m'manja. Ankhazi ako sanachedwe kundipatsa dzina. Ndinakhala Madamu wa ku Chipata, wophunzila kwambili moti maondo ake sadziwa dothi. Pamalilo, pa ukwati, ndikalowa m'nyumba ya azimayi nkhani inkaduka. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe, sindikubisa. Patapita zaka, iwe utabadwa kale, ndinatopa n'kuwauza zoona. Anaseka. "Bondo limeneli layamba liti? Chikhalileni simunanenepo." Anali ndi chifukwa chokayikila, pakuti mawu amene akadamveka tsiku la beseni lija ndinawabweletsa dzina litakhazikika kale. Ndicho chifukwa chake pa Sondo paja, ponena iwe, diso lawo linali pa ine. Usawade ankhazi ako. Ndi munthu wolimbika, anakusenza kumsana amayi ako ali ku maphunzilo, ndipo mtedza uli m'chikwama chakowo asenda ndi iwo. Amangoweluza zimene aona, ndipo ife awili tawaonetsa zabodza.

Munthu mmodzi yekha sindinathe kumunamiza. Ulendo wina titafika ku Magodi ndinapeza kampando kakang'ono ka mlombwa pakhomo pa asekulu ako, kosema kumene, kakafupi moti wokhalapo mutu wake umakhala m'munsi mwa wamkulu ngati wagwada. Nditabwela kudzapeleka moni anakaloza ndi ndodo. "Khalani apa, mkamwana." Ndinati ndikane mwaulemu. Anati, "Ine ng'ombe yanga ikayamba kutsimphina ndimaiona ikali kudambo. Ndiye munthu wa m'nyumba mwanga ndingalephele kumuona?" Za bondo sanandifunsepo mpaka lelo. Ndinakhala pakampandopo misozi ili chuchuchu. Pobwelela anakamanga pa njinga ya adada ako, iwo n'kudzasemanso kena ka kumudzi. Ndi kampando kamene umapondapo pomanga nsapato zako, ndipo ndakhalila komweko polemba kalatayi.

Usaganize kuti ndikudandaula kuti ndinasewela. Iyayi. Ndikadabadwanso ndikadapita kubwalo madzulo omwe aja. N'chifukwa chake ndinavutitsa adada ako mpaka anakapinditsa chitsulo cha ling'i kwa owotchelela, tinachikhomela pa thabwa kuseli kwa sukulu, n'kuyamba kuphunzitsa atsikana pabwalo la dothi. Iwe unali kamwana, mpila unkakukulila, unkauponya ndi manja awili kuchokela pakati pa miyendo, ukaphonya n'kumaukalipila m'Chitumbuka. Ndakuona ukukula pabwalo limenelo. Ndakuona ukundipitilila msinkhu, ukundipitilila luso. Dzanja lako lamanzele ine sindinakhalepo nalo, ndipo bwalo umaliona lonse usanalandile mpila, chinthu chimene ine anachita kundiphunzitsa ndi benchi. Ndimakunyadila, Lusungu. Pamaso sindinena kawilikawili chifukwa kubwalo ndimakhala kochi wako, ndipo kochi akayamba kuyamikila mwana wake ena amafooka. Lelo ndanena, usunge.

Tsono ukafika uchite izi. Usanavale jezi, usanagwile mpila, upite kwa kochi. Usatume mnzako, usalembe pafoni. Uime pamaso pake unene tsiku limene unavulala, mmene unatelela, pamene pakuwawa, ndiponso kuti sutha kugwada. Upemphe kuti akutumize kwa adokotala kuti akalione bwinobwino. Akati upume, upume ndithu, osati kupuma masana n'kumakadumpha wekha anzako atachoka, ndimakudziwa. Akakukhazika pabenchi, khala maso ali m'bwalo, uphunzile mmene anzako amathamangila, uwatungile madzi, uwakuwile. Mapilitsi aja ali m'sokosi pansi pa chikwama ndawaona, ndipo ndawasiya momwemo, sindikufuna kukulanda ngati mwana. Uwatulutse wekha. Ndipo ukadzapeza mnzako wokukonda ngati Mwansa, usadzamusenzetse chinsinsi chotele. Mwansa mpaka lelo tikalankhula pafoni amati, "Ndikadangonena." Mlandu suli wake, koma wausenza moyo wake wonse chifukwa cha ine.

Sindikulonjeza kuti malo ako akakusungila. Sindimudziwa kochi wako. Mwina ndi munthu woona patali, amene adzati mtsikana wonena zoona ndi dzanja lamanzele lotele ndi wofunika kumudikila. Mwina ndi wofuna zamsangamsanga, ndipo jezi adzapatsa wina. Zikatelo zidzawawa, ndipo ine ndidzalila nawe. Ukatelo ubwele kunyumba. Anthu a kumsika adzalankhula sabata imodzi, kenaka mtengo wa fetelaiza udzakwela, n'kuiwala za iwe. Tidzachilitsa bondo, udzayesanso, kaya komweko kaya kwina, pakuti msinkhu wako sukupita kulikonse. Koma ukalibisa n'kulimaliza, palibe koleji, palibe kochi, palibe amako amene angakubwezele. Ndakhala mbali imeneyo zaka zambili, ndikudziwa mmene kulili.

Adada ako ndawauza m'mawa uno. Anayang'ana nsapato zako zija, kenaka anati, "Ndiye mwana wakhala akukankha njinga, ine n'kumakonza tcheni chabwinobwino?" Anavala chipewa n'kutuluka. Kumene apitako sakukafunsa nthawi yonyamukila, imeneyo akuidziwa. Akukapempha dalaivala kuti akusungile mpando wakutsogolo, kuti ukatambalitse mwendo mpaka ku Chipata. Akabwela usawafunse, ukuwadziwa mmene amachitila manyazi. Ungowathokoza kuti yewo.

Zina zonse ukuzidziwa kale. Uzipemphela. Uzidya, osati tiyi ndi mabisiketi n'kumati wadya. Anyamata oima m'mbali mwa bwalo amene amadziwa dzina lako iwe usanawauze, uziwapatsa moni n'kupitilila. Uziimbila adada ako pa Sondo, sadzakuuza kuti akusowa koma foni adzakhala akuigwilagwila kuyambila potuluka m'tchalitchi. Chitumbuka usakachitaye ku Lusaka, asekulu ako Chingelezi sachimva. Ndipo za bondo ukawauze.

Tsopano za mawa. Asekulu ako ndi ankhazi ako afika m'mawa kudzatsazikana nawe minibasi isananyamuke. Asekulu ako adzakhala pakhonde pano, ndipo adzakuitana kuti akudalitse monga anachitila ndi adada ako popita ku sukulu. Ndikudziwa zimene wakonza. Udzaluma mlomo, udzatsika mpaka pansi ndi maondo onse awili kuti utseke pakamwa pa ankhazi ako, kenaka udzadzuka msanga ukumwetulila. Usatelo. Usagwade. Uime pamaso pawo, uombe m'manja mwaulemu, unene momveka kuti onse amve: "Asekulu, mundikhululukile, bondo likundiwawa, ndinavulala ku mpila." Mawu ake ndi omwewo, si ambili. Ankhazi ako mwina adzanena kanthu, asiye anene. Ukatha kuwatulutsa mawu amenewo pakhonde pano, pamaso pa anthu amene umawaopa kuyambila uli mwana, kochi wa ku Lusaka sadzakhala kanthu kwa iwe. Mayeso ako oyamba ndi amenewo, ndipo ndikufuna ndiwaone ndi maso anga usanakwele galimoto.

Sudzakhala wekha. Ine ndidzaima pambali pako, azimayi awili aatali ngati milongoti, ndipo ukamaliza iwe ndidzanena anga amene ndinayenela kunena tsiku la beseni, ulendo uno nditakweza chitenge kuti zipsela zioneke. Kenaka ndidzakukokela kampando aka kuti ukhalepo, asekulu ako akuike manja pamutu. Ndakapukuta kale.

Ndine amako,
amene ku Magodi amati NyaBanda,
koma kubwalo ankati Mlongoti.